KANTCHENTCHE KA PA NTHOCHI NDI CHIYAMBI CHA UBONGO

Omvera amene adafikako pa msika wa ku Manje, m'tsinde mwa phiri la Soche mu mzinda wa Blantyre, akudziŵa za tintchentche ting'onoting'ono timene timaunjikana pa nthochi zopsetsa, pa matimati ophwanyika ndi pa makoko a mango m'nyengo ya dzinja. Mai wogulitsa akakupiza kansalu timabalalika, koma posakhalitsa timabwerera pomwepo. Kantchentche kamodzi kutalika kwake ndi mamilimita 3 okha, maso ake ndi ofiira, ndipo sikaluma munthu. Akatswiri a sayansi amakatcha Drosophila melanogaster. Nkhani ya lero ikufotokoza m'mene kachirombo konyozekaka kadathandizira kuyankha funso limene lidasautsa anthu ophunzira kwa zaka zambiri: kodi ubongo ndi mitsempha zimayamba bwanji m'thupi la mwana akali m'mimba?

Alimi a zipatso asasokoneze kantchentcheka ndi ntchentche ina yokulirapo, yotchedwa Bactrocera dorsalis, imene imaboola mango akali mu mtengo n'kuikiramo mazira. Imeneyo ndi mlendo wochokera ku Asia, ndipo idaoneka koyamba mu Africa ku Kenya m'chaka cha 2003. Ka pa msika kaja kamadikira kuti chipatso chiyambe kuola, pakuti chakudya chake ndi yisiti amene amasasitsa zipatso.

Ngakhale kamapezeka m'maiko ambiri, umboni ukuloza kuti kwao kwenikweni ndi chigawo chino cha Africa. M'chaka cha 2012 John Pool ndi anzake adayerekeza chibadwa cha tintchentche togwidwa m'maiko osiyanasiyana, napeza kuti ta ku Siavonga, m'mbali mwa nyanja ya Kariba ku Zambia, ndito tosiyanasiyana koposa tonse. Kaŵirikaŵiri mtundu wa zamoyo umasiyanasiyana kwambiri kumene udakhalitsa. M'chaka chomwecho gulu la Charles Langley ku California lidafalitsa chibadwa cha mabanja 6 a tintchentche ta mu Africa, togwidwa ku Mwanza kuno ku Malaŵi. Mu 2018 akatswiri a ku Lund ku Sweden adapeza tintchentcheti m'nkhalango za Matobo ku Zimbabwe, kutali ndi midzi, tikudalira zipatso za mfula.

Maselo ndi majini

Thupi la chamoyo limamangidwa ndi tizipinda tosaoneka ndi maso totchedwa maselo. Munthu amayamba ngati selo limodzi, limene limagaŵikana kukhala aŵiri, aŵiriwo anai, mpaka osaŵerengeka. Ena amasanduka khungu, ena mafupa, ena minofu, ena mitsempha. M'Chicheŵa liwu lakuti mtsempha limaimira zinthu ziŵiri. Mitsempha ya m'nkhani ino si yoyendamo magazi ai, koma yonyamula mauthenga, ija imauza dzanja kuti lichoke pa mbaula yotentha. Ubongo wa munthu uli ndi maselo otere pafupifupi 86 biliyoni.

M'kati mwa selo lililonse muli malangizo olembedwa pa kachingwe kotchedwa DNA. Langizo limodzi limatchedwa jini, akachuluka ndi majini, ndipo ameneŵa sakhudzana konse ndi majini a mizimu amene anthu amaopa. Jini limauza selo kuti lipange puloteni wakutiwakuti, ndipo mapuloteni ndiwo amagwira ntchito m'selomo. Chozunguza mutu n'chakuti selo la khungu ndi selo la ubongo ali ndi majini ofanana ndendende. Nanga tsono ndani amauza lina kuti likhale khungu, lina likhale mtsempha?

Funso lotere silingayesedwe pa mwana wa munthu, koma kantchentche ndi kosavuta kuŵeta. Tambirimbiri timakhala m'botolo limodzi, tikudya phala la ufa wa chimanga, shuga ndi yisiti. Dzira limaswa pakatha tsiku limodzi, ndipo pofika masiku 10 mphutsi imakhala itasanduka kantchentche kouluka. Thomas Hunt Morgan wa ku Columbia University ku New York adapeza kantchentche kakamuna ka maso oyera m'chaka cha 1910, ndipo pokakwatitsa ndi tinzake adaonetsa m'mene majini amayendera kuchoka kwa makolo kunka kwa ana. Adalandira mphotho ya Nobel mu 1933. Chiyambire pamenepo njira yakhala yomweyo: kupeza kantchentche kamene jini lake limodzi ndi loonongeka, kuyang'ana chimene chalakwika m'thupi mwake, ndipo potero kudziŵa ntchito ya jinilo. N'chifukwa chake majini ambiri adapatsidwa maina potengera chilema chimene chidaoneka.

Kusankha mfumu pakati pa maselo

M'chaka cha 1914 John Dexter adaona tintchentche ta mapiko obenthuka kunsonga, ndipo jini lochititsa zimenezi lidatchedwa Notch, liwu la Chingerezi lotanthauza pobenthuka. Tintchentcheto tidalandira jini labwino kwa kholo limodzi ndi loonongeka kwa kholo linalo. Donald Poulson wa ku Yale University adafuna kudziŵa chimene chimachitika jinilo likasoŵeratu. Zimene adalemba mu 1940 zinali zodabwitsa. Mluza umafera m'dzira, ndipo maselo amene akadakhala khungu la kumimba ndi la kumutu amasanduka mitsempha. Mitsempha imachuluka mopitirira muyeso, khungu n'kupereŵera. Apa zidaoneka kuti ntchito ya Notch ndi kuletsa.

M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 mbali zina za nkhaniyi zidadziŵika. Ku Germany, José Campos-Ortega ndi ophunzira ake adaonetsa kuti jini lina lotchedwa Delta likaonongeka, chilema chake chimafanana ndi cha Notch. Ku Madrid, Antonio García-Bellido ndi Juan Modolell adafufuza kagulu ka majini kotchedwa achaete-scute. Tintchentche timene majini ameneŵa ndi oonongeka timasoŵa tiubweya tolimba ta pamsana. Kaubweya kalikonse kali ndi selo la mtsempha kunsi kwake, ndimo m'mene kantchentche kamamvera kukhudzidwa. Motero majini a achaete-scute ndi oyambitsa mitsempha, pamene Notch ndi Delta ndi oletsa.

Zimene zimachitika zikufanana ndi kuloŵa ufumu pakati pa Acheŵa. Ufumu suloŵedwa ndi munthu wamba. Oyenera ndi a mbumba yachifumu, makamaka ana a alongo ake a mfumu. Majini a achaete-scute ndiwo amalemba malire a mbumbayo. Amayaka m'timagulu ta maselo 5 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo selo lililonse la m'kagulumo lingathe kukhala kholo la mitsempha. Kusiyana kwake n'kwakuti pano palibe ntchembere kapena akuluakulu okhala pansi kuti asankhe. Maselowo amasankhana okha.

Selo lililonse lili ndi puloteni wa Delta kunja kwake, amene ali ngati pakamwa, ndiponso puloteni wa Notch, amene ali ngati khutu. Delta wa selo lina akakhudza Notch wa selo loyandikana nalo, uthenga umaloŵa m'kati wozimitsa majini a achaete-scute. Selo limene majiniŵa azilala limachepetsanso Delta wake, ndipo mau ake amafooka. Poyamba maselo onse amaletsana mofanana. Koma limodzi likangoposa anzake pang'ono, limaŵaletsa kwambiri, ndipo iwo, poti afooka, amaleka kuliletsa. Kusiyana kochepa kuja kumakulirakulira mpaka selo limodzi lapambana. Limeneli limamira m'kati mwa mluza kukakhala kholo la mitsempha, otsalawo n'kukhala khungu. Paja akuluakulu adati atambala aŵiri salira m'khola limodzi.

Umboni wake udaoneka bwino mu 1985, pamene Chris Doe ndi Corey Goodman adayesa mluza wa dzombe. Adapha selo lopambanalo ndi kuŵala kwa mphamvu, ndipo selo loyandikana nalo lidaloŵa m'malo mwake. Otsala aja anali oyenera ufumu chiyambire, koma ankangoletsedwa.

Wachisamba ndi mzime

Thupi la mluza wa kantchentche lili m'zigawozigawo, ndipo m'chigawo chilichonse mumasankhidwa makolo a mitsempha pafupifupi 30 kumanja ndi ena 30 kumanzere. Kholo lotere siligaŵikana molingana. Lisanagaŵikane limakankhira mapuloteni ena, monga Numb ndi Prospero, mbali imodzi, kotero kuti amapita onse kwa selo laling'ono. Lily Jan ndi mwamuna wake Yuh Nung Jan, a ku San Francisco, adaonetsa zimenezi za Numb mu 1994. Selo lalikulu limakhalabe kholo ndipo limapitiriza kubala. Laling'onolo limagaŵikana kamodzi kokha, n'kukhala maselo aŵiri okhwima. Dongosolo limeneli likasokonekera, makolo amangochulukana osaleka, ndipo mu ubongo wa mphutsi mumamera chotupa.

Ana a kholo limodzi safanana. Mu 2001 gulu la Chris Doe ku Oregon lidaonetsa kuti kholo limayatsa majini anai motsatana: Hunchback, kenaka Krüppel, kenaka Pdm, ndipo pambuyo pake Castor. Mwana aliyense amasunga jini limene linali loyaka pa nthaŵi ya kubadwa kwake, ndipo jinilo ndilo limamupatsa ntchito. Wachisamba amakhala mtsempha wa mtundu wina, mzime wa mtundu winanso, monga m'banja ana amalandira maudindo potsata kubadwa kwao.

Selo likabadwa limameza kachingwe kake kotalika kuti kakalumikizane ndi ena, ndipo kachingweko kayenera kudziŵa njira. Pakati pa mtsempha waukulu wa kantchentche pali mzere wolekanitsa kumanja ndi kumanzere. Tingwe tambiri timaoloka mzerewo kamodzi kokha. Maselo a pa mzerewo amatulutsa puloteni wopirikitsa wotchedwa Slit, ndipo kachingwe kakangooloka kamayamba kumva kupirikitsako kudzera mwa puloteni wotchedwa Roundabout, motero sikabwereranso. Gulu la Corey Goodman ku Berkeley lidapeza jini la Roundabout mu 1993. Likaonongeka, tingwe timaoloka n'kuolokanso, kumangozungulira ngati galimoto yosatuluka pa raundabauti ya pa Chichiri.

Phindu lake kwa munthu

Omvera ena angafunse kuti zonsezi zikumukhudza bwanji munthu wa ku Manje, wa ku Nsanje kapena wa ku Chitipa. Yankho ndi lakuti majini omweŵa alimonso mwa munthu, ndipo amagwira ntchito zofananazo. Pa majini anai alionse odziŵika kuti amachititsa matenda mwa anthu, pafupifupi atatu ali ndi abale ao mwa kantchentche.

Jini lotchedwa atonal, lopezeka mu 1993, ndilo limayambitsa maselo amene kantchentche kamamvera phokoso. Mu 1999 gulu la Huda Zoghbi ku Houston lidaonetsa kuti mbeŵa zosoŵa mbale wake wa jinili zimabadwa zopanda maselo omvera a m'kati mwa khutu. Mu 2002 adaika jini la kantchentche m'malo mwa la mbeŵa, ndipo mbeŵazo zidakula bwinobwino. Mu 2004 kudapezeka kuti anthu amene jini lao la ROBO3, mbale wa Roundabout, ndi loonongeka, satha kuyendetsa maso cham'mbali ndipo msana wao umapindika, chifukwa mitsempha ina ya kunsi kwa ubongo siidaoloke. Majini a Notch akasokonekera mwa munthu amachititsa khansa ina ya m'magazi ndiponso nthenda ina ya sitiroko yoyenda m'banja.

Chitsanzo chofunika koposa ndi cha ana obadwa ndi mutu waung'ono. Mu 2002 madokotala a ku Leeds ku England adapeza kuti m'mabanja ena chochititsa ndi jini lotchedwa ASPM, limene dzina lake lidachokera ku jini la kantchentche lothandiza makolo a mitsempha kugaŵikana. Likaonongeka, maselo a ubongo amachepa ndipo mutu sukula mokwanira. Mwana amadwala pokhapokha atalandira jini loonongekalo kwa bambo ndi kwa mai omwe, pamene makolo onse aŵiri ali bwinobwino ndipo sadziŵa kanthu.

M'midzi ndi m'makomboni ambiri mwana wotere akabadwa, chala chimaloza mai wake, kapena agogo amene akuganiziridwa ufiti, ndipo mabanja ena amapasuka. Zimene kantchentche kaonetsa n'zakuti ubongo umamangidwa potsata malangizo ambirimbiri, ndipo limodzi lingalakwike popanda wochimwa. Si mwana aliyense wa mutu waung'ono amene vuto lake ndi la majini. Matenda monga rubella ndi Zika, moŵa pa nthaŵi ya pakati ndi kusoŵa kwa zakudya zoyenera zimasokonezanso kukula kwa ubongo. Ndiponso mtsempha wa msana wa mwana umaumbika m'masiku 28 oyambirira, mai asanatsimikize n'komwe kuti ali ndi pakati, ndipo mankhwala a folic acid, akamwedwa mai asanaime ndi m'masabata oyambawo, amachepetsa zilema za msana. N'chifukwa chake azaumoyo amalimbikitsa kuyamba sikelo msanga, ndi kupita naye mwana ku chipatala m'malo momubisa m'nyumba.

M'mwezi wa Okutobala 2024 akatswiri a ku Princeton, Cambridge ndi kwina adafalitsa mapu a ubongo wonse wa kantchentche kakakazi kamodzi. Adaŵerengamo maselo 139,255 ndi malo olumikizirana oposa 50 miliyoni, zonsezo mu ubongo wochepa ngati kanjere ka mchenga. Ena mwa maselo ameneŵa adachokera kwa makolo amene adasankhidwa pa kuletsana kwa Delta ndi Notch kuja. Ntchito imene ikupitirira tsopano ndi yofufuza m'mene majini amalumikizira selo lililonse ndi anzake oyenera, ndipo kantchentche ka pa nthochi za ku Manje ndi ka mtundu womwewo umene ukuŵetedwa m'mabotolo a akatswiriwo. Nkhani ya lero yathera pamenepa.