Mapuloteni akaunjikana mu ubongo: zomwe Pulofesa Virginia Lee adapeza m'labotale

M'chaka cha 1906, dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, adapima ubongo wa mayi wina wotchedwa Auguste Deter yemwe adamwalira atadwala matenda achilendo. Mayiyu adagonekedwa m'chipatala ku Frankfurt mu 1901 ali ndi zaka 51, akuiwala zinthu, kusokonezeka m'nyumba mwake momwe komanso kulephera kulemba bwino dzina lake. Dokotalayo ataika tizidutswa ta ubongowo pa makina okuzira zinthu, adaona mitundu iwiri ya zinyalala: timibulu tomwe tidaunjikana pakati pa maselo, ndi tiulusi topiringizika m'kati mwa maselowo.

Padapita zaka zoposa 70 akatswiri asanadziwe chomwe chimapanga zinyalalazo. Mmodzi mwa anthu omwe athandiza kwambiri kuyankha funsoli ndi Pulofesa Virginia Man-Yee Lee a pa University of Pennsylvania mumzinda wa Philadelphia ku America. Iwo adabadwira ku Chongqing m'dziko la China mu 1945, ndipo kwa zaka zambiri adagwira ntchitoyi limodzi ndi amuna awo, Pulofesa John Trojanowski, omwe adamwalira mu 2022.

Tikamva za mapuloteni, ambirife timaganiza za nyemba, mazira ndi usipa. Koma thupi likagaya zakudyazi, limapanga mapuloteni akeake a mitundu masauzande ambiri, ndipo uliwonse uli ndi ntchito yake. Puloteni imayamba ngati chingwe chachitali, kenaka imadzipinda mwa njira yakeyake kuti igwire ntchito. Ikapindika molakwika, maselo amaiphwanya n'kuitaya. Vuto limabwera pamene mapuloteni opindika molakwikawa achuluka, ayamba kumatana, ndipo maselo akulephera kuwachotsa. Izi n'zoopsa kwambiri mu ubongo chifukwa maselo ake ambiri akafa, ena sabadwa m'malo mwake.

Mu 1984, George Glenner ndi Caine Wong adapeza puloteni yotchedwa amyloid beta, yomwe ndiyo imapanga timibulu tija. Za tiulusi topiringizika padali mtsutso, ngakhale magulu angapo ankaloza puloteni ina yotchedwa tau. Mu 1991, gulu la Pulofesa Lee lidakwanitsa kulekanitsa tiulusito ndi zina zonse za mu ubongo wa anthu omwe adamwalira ndi matenda a Alzheimer, ndipo lidatsimikiza kuti ndi tau ndithu. Mwa munthu wabwinobwino, tau imagwira timachubu tomwe zakudya zimayendapo m'kati mwa selo, monga momwe luzi limagwirira nsungwi za denga. Ikasokonekera imasiya ntchitoyo n'kuyamba kukolanakolana yokhayokha.

Mu 1997, awiriwa adagwira ntchito ndi Maria Grazia Spillantini ndi Michel Goedert a ku Cambridge ku England, ndipo adaonetsa kuti m'matenda a Parkinson, omwe amanjenjemeretsa manja ndi kuumitsa thupi, puloteni younjikana ndi alpha-synuclein. Mu 2006 labotale yawo idapezanso puloteni ya TDP-43 m'matenda a ALS, omwe amafoola minofu mpaka munthu kulephera kuyenda, kumeza ndi kupuma.

Funso lomwe lidatsala lidali lakuti: n'chifukwa chiyani matendawa amayambira mbali imodzi ya ubongo n'kumafalikira pang'onopang'ono? Yankho lidaoneka pa kafukufuku yemwe adasindikizidwa m'magazini ya Science mu 2012, motsogozedwa ndi Kelvin Luk ndi Pulofesa Lee. Akatswiriwa adapanga alpha-synuclein m'labotale, n'kuisiya kuti imatane, kenaka adaidula tizidutswa. Tizidutswato adabayira kamodzi kokha mu ubongo wa mbewa zomwe zidalibe vuto lililonse.

Patatha mwezi, timibulu tidayamba kuoneka pamalo obayidwawo komanso m'mbali zina zolumikizana nawo. Pofika miyezi 6, maselo ambiri opanga dopamine, mankhwala a m'thupi omwe amathandiza munthu kuyenda mwadongosolo, adali atafa, ndipo mbewazo zinkavutika kugwira zinthu ndi kukhazikika. Mbewa zomwe zidabayidwa puloteni yosamatana sizidadwale. Nazonso mbewa zomwe thupi lake silipanga konse alpha-synuclein sizidadwale, ngakhale zidabayidwa tizidutswa tomweto.

Mfundo yomalizayi ndiyo idaulula chinsinsi. Tizidutswa tobayidwato patokha sitidali poizoni wokwanira kupha maselo. Chomwe tidachita n'kukakamiza puloteni yabwino ya mbewayo kuti nayonso ipindike molakwika, ndipo yoonongekayo idapita kukaononga ina m'selo yoyandikana nayo. Akuluakulu adati nsomba ikaola imodzi zaola zonse, ndipo apa zidaoneka ndi maso. Izi sizikutanthauza kuti matendawa ndi opatsirana: kusamalira wodwala, kudya naye mbale imodzi kapena kumusambitsa sikungakupatseni Parkinson kapena Alzheimer. Kufalikiraku kumachitika m'kati mwa ubongo wa munthu mmodzi.

Phindu la kafukufukuyu ndi lakuti adaloza malo omwe mankhwala angatchingirepo nthendayi, ndiko kuti pamene puloteni yoonongeka ikutuluka m'selo imodzi kulowa mu ina. Adapatsanso akatswiri njira yoyesera mankhwala pa mbewa asanafike pa anthu. Chifukwa cha ntchitoyi, Pulofesa Lee adalandira mphoto ya Breakthrough Prize ya 2020, ya ndalama zokwana 3 miliyoni za ku America.

Komabe mbewa si munthu, ndipo mankhwala ochiza matendawa sanapezeke. Mu 2023, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidavomereza lecanemab, mankhwala ochotsa amyloid mu ubongo. Poyesedwa kwa miyezi 18, adachepetsa liwiro la nthendayi ndi 27 pa 100 alionse mwa odwala omwe idali itangowayamba. Saimitsa nthendayi, ndi okwera mtengo kwambiri, ndipo ena amatupa kapena kukha magazi mu ubongo akawalandira.

Mu 2023, bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lidati anthu oposa 55 miliyoni adali ndi dementia, dzina lomwe limaphatikiza matenda oononga kukumbukira ndi kuganiza, ndipo oposa 60 pa 100 alionse amakhala m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene. Matenda a Alzheimer ndiwo amayambitsa gawo lalikulu la vutoli.

Kuno kwathu nkhaniyi ikukhudza moyo wa agogo athu. Okalamba omwe apezeka akuyendayenda usiku, osadziwa kwawo, kapena akuyankhula zosamveka, nthawi zina amanenedwa kuti ndi mfiti, ndipo ena amenyedwa ngakhale kuphedwa kumene. Zizindikiro zoterezi n'zomwe Alzheimer adaona mwa Auguste Deter zaka zoposa 100 zapitazo. Achibale akaona zotere apite nawo agogowo kuchipatala, chifukwa kusokonezeka kwina kumadza ndi matenda ochizika monga malungo, shuga kapena kuchepa kwa vitamini B12. Ngati ndi dementia, banja lidzadziwa momwe lingawasamalire ndi kuwateteza.