Mchewa ndi Mtumbuka, Kuno ndi Kutsidya

Munthu akaoloka malire a Malawi ndi Zambia cha kumadzulo kwa Mchinji ndi Mzimba, kumene Angerezi anangotsata mtunda wogawa madzi a Luangwa ndi a nyanja ya Malawi osafunsa mfumu kapena nyakwawa, adzapeza kuti Mchewa wa kutsidya avina gule wamkulu nakwatira chikamwini monga wa kuno, ndipo Mtumbuka wa ku Lundazi alowola ndi ng'ombe navina vimbuza monga mbale wake wa ku Mzimba. Koma pamene Daniel Posner, mphunzitsi wa ku America, anayendera midzi inayi ya m'malirewo, iwiri kuno ndi iwiri kutsidya, nafunsa anthu ngati angavotere munthu wa mtundu winawo kapena kukwatirana naye, zimene anasindikiza mu 2004 zinaonetsa kuti a ku Malawi anali okayikakayika, pamene a ku Zambia sanaone chovuta kwenikweni.

Akulu anati chibale ndi fupa, sichiola. Koma pa mpikisano wa ufumu, munthu amayamba waŵerenga mitu asanasankhe womutcha mbale. M'Malawi, dziko laling'ono, Achewa ndi Atumbuka ali unyinji wokwanira kuti wandale awasonkhanitse paokhapaokha nayembekeza mpando. Ku Zambia mtundu uliwonse mwa iwiriyo sufika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a anthu onse, kotero kuti iye wofuna kumveka ku Lusaka, kumene Abemba ndi Atonga ali ndi mawu, ayenera kuwakumbatira onse pamodzi monga anthu a kum'mawa, pakuti chala chimodzi sichiswa nsabwe.

Ife a kuno tisanamizire masamu okha, poti mbiri nayo inathira mchere pabala. Mu 1968 boma la Dr. Banda linakweza Chichewa ndi kuchotsa Chitumbuka pa wailesi, ndipo mu 1989 aphunzitsi a kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo, ena kusiya masukulu amene anawatumikira zaka zambiri. Chotero pofika chisankho cha 1994, pamene aliyense analowa yekha m'kachipinda kovotera popanda womuyang'anira, kumpoto kunatsata Chakufwa Chihana, pakati kunakakamira Dr. Banda, ndipo kummwera, kumene kunali anthu ochuluka koposa, kunapereka mpando kwa Bakili Muluzi.