Musanagulitse mbuzi kuti mupite ku Joni, dziwani lamulo ili

Alimi anzanga, chaka chilichonse tikangokolola ndimaona anyamata akugulitsa mbuzi ndi chimanga, ena kubwereketsa munda, kuti apeze ya basi yopitira ku South Africa kukagwira ntchito m'mafamu. Ndikamacheza nawo pamsika, mafunso awo amakhala amodzimodzi. Lero ndati ndiwayankhe pano potsata lamulo la dzikolo loona za anthu olowa ndi kutuluka, lotchedwa Immigration Act, lomwe lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2002.

Kodi pasipoti siyokwanira?

Pasipoti ya Malawi imakulolani kulowa m'dzikolo popanda viza ndi kukhalamo masiku 30 ngati mlendo wongocheza. Chidindo chomwe amakudindirani pachipata cha Beitbridge sichilolezo chogwirira ntchito ayi. Mukayamba kuthyola malalanje pafamu ndi chidindo chimenechi, mwaphwanya kale lamulo ngakhale masikuwo asanathe.

Nanga masiku akapitirira?

Kuyambira m'chaka cha 2014, munthu wopitiriza masiku ake salipitsidwanso faindi pachipata monga kale, koma amaletsedwa kulowanso m'dzikolo. Mukapitiriza ndi masiku osaposa 30, chiletso chake ndi chaka chimodzi. Akaposa 30, ndi zaka zisanu.

Kodi apolisi angandiimitse pamsewu?

Inde. Lamuloli limapatsa mphamvu wapolisi kapena wa imigireshoni yofunsa munthu aliyense kuti aonetse zikalata zake. Wopezeka alibe chilolezo angathe kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka zaka ziwiri. Ambiri amatumizidwa ku Lindela, malo osungirako anthu oyembekezera kubwezedwa kwawo, omwe ali ku Krugersdorp kufupi ndi Johannesburg. Komabe womangidwa ali ndi ufulu. M'chaka cha 2017 khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dzikolo lidagamula kuti wotsekeredwa kuti abwezedwe kwawo azionekera kukhoti pasanathe maola 48.

Mwini famu akandilemba, mlandu suli wake?

Mlandu uli kwa nonse awiri. Bwana wolemba ntchito mlendo wopanda chilolezo, akudziwa, angathe kulipitsidwa kapena kumangidwa mpaka chaka chimodzi ngati ndi koyamba, ndipo chilango chimakula akabwereza. Koma dziwani kuti wokwezedwa basi kubwerera kumudzi ndi inuyo, mwina malipiro anu a mweziwo musanalandire. Ndi zoona kuti bungwe lomva madandaulo a antchito la CCMA limamva ngakhale dandaulo la munthu wopanda mapepala. Nanga ndi angati angalimbe mtima kukadandaula pomwe akuopa kugwidwa?

Bwanji a ku Zimbabwe amagwira ntchito poyera?

Boma la South Africa lidapereka zilolezo zapadera kwa anthu ena a ku Zimbabwe, Lesotho ndi Angola. Amalawi sadapatsidwe mwayi wotere. Musafanizirenso ndi nthawi ya Wenela ndi Teba. Makolo athu aja ankapita kumigodi atasaina kontirakiti yodziwika ndi maboma onse awiri, ndipo njira imeneyo idatsekeka kumapeto kwa zaka za m'ma 1980.

Malangizo anga ndi awa. Chilolezo chogwirira ntchito chimapemphedwa muli konkuno, kudzera ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe, ndipo payenera kukhala bwana amene wavomera kukulembani. Wina akakuuzani kuti mukakonza mapepala mukafika, kapena kuti akuwolotsani mtsinje wa Limpopo usiku, sungani ndalama zanu.

Sindikuletsa munthu kukasaka moyo. Koma musanatulutse mbuzi m'khola, khalani pansi ndi akazi anu ndi makolo anu, muwerengere limodzi. Mbuzi zikapita, feteleza osagula, inu n'kubwezedwa chimanjamanja mvula itagwa kale, banja lidzadya chiyani?