Mwana akakodza magazi, chikhodzodzo chavulala

Amayi, kodi munadzifunsapo chifukwa chake mkodzo umawawa ukagwera pabala, koma umakhala m'chikhodzodzo maola angapo osatipweteka? Mkodzo si madzi wamba. Muli mchere, asidi ndi zoipa zina zimene impso zasefa m'magazi. Chimene chimatiteteza ndi kakhungu kopyapyala kamene kanakuta chikhodzodzo chonse m'kati.

Momwe kakhunguka kamagwirira ntchito

Pamwamba pa kakhunguka pali maselo akuluakulu otambalala ngati ambulera. Maselowa ndi omatana zolimba, osasiya mpata, ndipo ndi okutidwa ndi utoto wonanda woterera. Ganizirani mtsuko wopsa bwino umene suvuza madzi. Chikhodzodzo chikadzaza, mpaka pafupifupi theka la lita, maselowa amatanuka koma osang'ambika. Motero zoipa za mumkodzo sizibwerera m'magazi, ndipo tizilombo timavutika kumatirira.

Kakhunguka kakang'ambika, mchere wa potaziyamu ndi zina za mumkodzo zimalowa mpaka kufika pa mitsempha ndi minofu ya pansi pake. Apa m'pamene munthu amamva kutentha pokodza, kuwawa pachinena, ndi kufuna kukodza pafupipafupi ngakhale mkodzo uli wochepa.

Mdani wake kuno kuchigwa

Kuno ku Chikwawa ndi Nsanje, chimene chimaboola kakhunguka kawirikawiri ndi likodzo. Tinyongolotsi take timaswana m'nkhono za m'madzi odekha kapena oyenda pang'onopang'ono: m'madambo ngati Elephant Marsh ndi Ndindi, m'ngalande zothirira, m'minda ya mpunga ndi m'zithaphwi zotsala madzi akasefukira. Timalowa pakhungu pamene mukuchapa, kusamba kapena kuwoka mpunga. Tikakula timakhala m'mitsempha ya magazi yozungulira chikhodzodzo, n'kumaikira mazira mazanamazana tsiku lililonse.

Dzira lililonse lili ndi kaminga. Kuti lituluke ndi mkodzo, liyenera kudutsa kakhungu kaja. N'chifukwa chake magazi amaoneka kumapeto kwa kukodza. Mazira ambiri amakanirira m'khoma la chikhodzodzo. Pakapita zaka khomalo limachita zipsera n'kuuma, njira zochokera ku impso zimatha kutsekeka, ndipo ena amadwala khansa ya chikhodzodzo.

Musaganize kuti awa ndi matenda a anyamata osambira okha. Kafukufuku amene anachitika m'midzi ya ku Chikwawa, n'kusindikizidwa mu 2014, anapeza likodzo mwa amayi 45 pa 100 alionse amene anayezedwa, komanso mwa ana pafupifupi 18 pa 100 osafika msinkhu wa sukulu. Mwa amayi, mazirawa amakhalanso m'njira ya abambo ndi pakhomo pa chiberekero. Amabweretsa chikazi chachilendo, kuwawa ndi kutaya magazi pokhala malo amodzi ndi abambo. Ambiri amayesa ndi matenda opatsirana pogonana, mpaka kukayikirana m'banja popanda wolakwa.

Zimene mungachite

Kakhunguka kamatha kudzikonza kokha chovulaza chikachotsedwa msanga. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amapha nyongolotsizo. Akabwera nawo kusukulu kapena kumudzi, lolani ana amwe, koma ayambe adya. Mankhwalawa sateteza kutenganso, choncho mwana amene anamwa chaka chatha amwenso.

Mukaona magazi mumkodzo, pitani mukayezetse kuchipatala chapafupi, kaya cha boma ku Chikwawa, Ngabu ndi Nsanje, kaya Montfort ku Nchalo kapena Trinity ku Muona. Mukafika, auzeni achipatala madzi amene mumagwiritsa ntchito. Ngati muli oyembekezera, nenaninso, akulangizeni nthawi yoyenera kumwa. Kwa munthu wachikulire, magazi mumkodzo ndi oti afufuzidwe ngakhale asakumva kuwawa.

Khanda musambitse ndi madzi apamjigo. Ngati mwatunga kumtsinje, aphitseni, kapena akhale mumtsuko masiku awiri, popeza tizilomboti sitikhalitsa kunja kwa nkhono. Phunzitsani ana kukodza m'chimbudzi, osati m'madzi, chifukwa mkodzo wa wodwala ndi umene umabwezera mazira kwa nkhono. Inunso muzimwa madzi okwanira, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, ndipo musamasunge mkodzo nthawi yaitali.

Pamsonkhano wanu wotsatira, funsanani: ndi angati pakati pathu amene anayezetsapo mkodzo? Amene akuchita manyazi, mmodzi wa inu amuperekeze.