Mmene Lamulo Limatetezera Mbiri ya Likoma

Mlendo akatsika sitima ya Ilala pa Likoma sachedwa kufunsa njira ya ku Chipyela, kumene kuli tchalitchi chachikulu cha St Peter's. Amishoni a UMCA anakhazikika pachilumbachi mu 1885, mwala wa maziko unaikidwa mu 1903, ndipo tchalitchichi chinapatulidwa mu 1911, pamalo pomwe kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Nyumbayi ili m'manja mwa Dayosizi ya Anglican ya Kumpoto kwa Malawi, koma mbiri imene yasenza ndi ya fuko lonse.

Zinthu zotere m'dziko muno zimayang'aniridwa ndi lamulo la Monuments and Relics Act la 1990. Lamuloli limakhudza nyumba zakale, manda, mapanga, zojambula pamiyala komanso ziwiya zamakedzana zopezeka m'nthaka.

Kuti malo atetezedwe, akatswiri a boma oona za mbiri yakale amayamba awafufuza ndi kulemba zimene apeza. Kenako khonsolo ya alangizi imaunika nkhaniyo n'kulangiza nduna. Nduna ikavomereza, imalengeza m'Gazeti ya boma. Kuyambira pamenepo palibe wololedwa kugumula, kusintha kapena kukumba pamalopo popanda chilolezo, ngakhale mwini wake amene. Kutulutsa zinthu zakale kunja kwa dziko nakonso kumafuna chilolezo. Pa Likoma mfundoyi njofunika kwambiri, poti mabwato amawolokera ku Cobué, m'dziko la Mozambique, ndipo alendo okonda kugula zakale sasowa.

Nanga inu mbali yanu ndi iti? Mukafukula mbiya, mikanda kapena mafupa polima kapena pokumba maziko, lekezani pomwepo. Musasunthe kanthu, chifukwa katswiri amadziwa zaka za chinthu poona pamene chagona. Dziwitsani a mfumu, nkhani ipite kwa a T/A Mkumpha ndi ku ofesi ya DC, imene ili pomwepo chikhalire Likoma boma palokha.

Koma mbiri si nyumba ndi ziwiya zokha: magule monga malipenga ndi chioda sangatchingidwe ndi mpanda. Ndime 26 ya Malamulo Oyendetsera Dziko imapatsa aliyense ufulu wotsata chikhalidwe chimene wasankha, koma gule amakhalapo pokhapokha ana akamaphunzitsidwa. Pa nkhani ya malo akale nakonso, akatswiri a boma amakhala kutali, kumtunda. Amene amayamba kuona mng'alu pakhoma kapena manda akukokoloka ndi anthu a pa Likoma ndi Chizumulu. Mukaona, kaneneni msanga.