Msamuko wa Tsamba la pa Intaneti

Chilichonse chimene chimaoneka pa intaneti chili ndi pogona pake. Mawu, zithunzi ndi nyimbo sizingoyandama m'malere, koma zimasungidwa mu kompyuta yotchedwa seva, imene imayaka usana ndi usiku. Tsamba loyamba padziko lonse linasungidwa mu kompyuta ya Tim Berners-Lee ku CERN, malo ofufuzirako za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva, ndipo anthu akunja anayamba kuliona mu 1991. Pa kompyutayo panamatidwa pepala lochenjeza kuti aliyense asaizimitse, pakuti ikanazima, tsambalo silikanaonekanso.

Masiku ano eni masamba ambiri alibe seva yawoyawo. Iwo amachita lendi malo ku makampani, monga momwe banja limachitira lendi nyumba m'tauni. Koma nyumba ya lendi ili ndi mwini wake. Mu 2009 kampani ya Yahoo inatseka GeoCities, kumene anthu miyandamiyanda ankasungako masamba awo kwaulere. Anthu ena odzipereka anayesetsa kukopera zimene akanatha, koma sanapulumutse zonse. Paja akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. N'chifukwa chake mwini tsamba ayenera kudziwa kusamuka nthawi isanamuthere.

Msamuko umenewu uli ndi magawo atatu. Poyamba, mwini tsamba amakopera mafayilo onse ndi kuwasunga mu kompyuta yake. Kachiwiri, amawatumiza ku seva yatsopano ndi kuyesa ngati zonse zikuoneka bwino. Kachitatu, amalozetsa dzina la tsambalo kumalo atsopanowo.

Gawo lachitatuli n'lofunika kulimvetsa. Makompyuta amapezana ndi manambala, pomwe anthu amakumbukira mayina, monga aja othera ndi .zw, .za, .uk kapena .mw. Chimene chimalumikiza dzina ndi nambala ndi dongosolo la DNS, limene Paul Mockapetris anakonza mu 1983. Limagwira ntchito ngati mndandanda wa mayina a m'foni: munthu akasintha nambala, dzina lake silisintha. Koma uthenga wa kusinthako sufika kumakompyuta onse nthawi imodzi, ndipo nthawi zina pamadutsa tsiku limodzi kapena awiri. Choncho wanzeru satseka seva yakale mpaka atatsimikiza kuti alendo onse akufika kwatsopanoko.

Msamuko umavumbulanso zoiwalika. Banja likamamasula mitolo m'nyumba yatsopano limapeza zida zimene linasiya kalekale kugwiritsa ntchito. Chimodzimodzinso mwini tsamba amakumana ndi mapulogalamu amene analemba zaka zapitazo, ndipo ena mwa iwo amakana kugwira ntchito pa seva yatsopano. Mwachitsanzo, chinenero cha makompyuta cha Python 2 chinasiya kusamalidwa mu 2020, ndipo malamulo ena olembedwa m'chinenerocho samveka mu Python 3. Ngakhale lamulo losavuta lakuti print limakanidwa ngati mawu ake sanatsekeredwe m'mabulaketi.

Apa mwini tsamba amakakamizika kuwerenga mzere ndi mzere, kufunafuna pamene palakwika. Ntchitoyi imafuna kudekha, koma mphotho yake imabwera pompo. Akakonza chilembo chimodzi, zimene zinali zakufa zimadzuka pamaso pake. Pamenepo munthu amakumbukira chimene chinamukopa poyamba: kulamula makina ndi mawu olemba yekha, makinawo n'kumvera. Amene anangofuna kusamutsa katundu amapezeka wayambanso kulemba mapulogalamu atsopano.

Mafunso

1. Kodi seva n'chiyani?
2. N'chifukwa chiyani seva yakale siyenera kutsekedwa msanga?
3. Fotokozani mmene mwambi wa fodya ukugwirizanira ndi nkhani ya GeoCities.