Ofiira kapena oyera: mkangano pa mafuta a thyme

Kwa zaka zingapo tsopano, opanga mafuta onunkhira ku Ulaya akubwerera ku zitsamba zokometsera ndiwo. Ogula ena atopa ndi perefyumu wotsekemera, akufuna fungo la tchire louma ndi dzuwa. Thyme, kachitsamba komwe ambiri timakaona m'timapaketi tothira mu nyama, kapeza malo m'mabotolo odula.

Ku Grasse, tawuni ya kum'mwera kwa France yomwe luso lake lopanga perefyumu linalowa mu 2018 pa mndandanda wa chikhalidwe choyenera kutetezedwa padziko lonse, thyme si wachilendo. Komabe mafuta ake ambiri amachokera ku Spain ndi ku Morocco.

M'mapiri ouma a chigawo cha Murcia ku Spain, bambo wina wachikulire amatchezabe mafutawa monga ankachitira makolo awo. Thyme akachita maluwa, cha mu Meyi ndi Juni, bamboyu amalawira dzuwa lisanatenthe kukamweta ndi zenga. Mitoloyo amaiponya mumgolo waukulu wachitsulo, n'kulowamo okha kukaipondaponda mpaka itathinana. Chivundikiro amachimata ndi dothi kuti nthunzi isathawe, ndipo moto amasonkhezera ndi mapesi omwe anatcheza dzulo lake. Nthunzi imadutsa mupaipi yopindapinda yomira m'madzi ozizira, n'kudontha pang'onopang'ono, monga amatchezera kachasu kwathu kuno. Mafuta amayandama pamwamba pa madzi, ofiira moderako, ndipo fungo lake limalasa mphuno ngati la kuchipatala. Zala za bamboyu zinachita kuda ndi ntchitoyi, malaya awo sasiya fungolo ngakhale atachapidwa. Pa makilogalamu 100 a masamba ouma amapezapo makilogalamu 1 kapena 2 a mafuta basi.

Kufiirako ndi kumene kwagawa anthu. Mafuta a thyme ali ndi mankhwala otchedwa thymol ndi carvacrol, ndipo ziwirizi zikakhudzana ndi chitsulo cha mgolo, mafutawo amasintha mtundu. Amalonda amawatcheza kachiwiri kuti ayere, n'kumawagulitsa ngati thyme woyera. Bambo aja salola kumva zimenezi. Iwo amati kutcheza kachiwiri kumachotsa ukali ndi kafungo ka chikopa komwe kamapatsa perefyumu wa abambo mphamvu. Ndipo ali ndi nkhawa ina yomveka: mafuta ena otchedwa oyera amasakanizidwa ndi thymol wopangidwa m'fakitale komanso mafuta otsika mtengo a zomera zina, botolo osanena kalikonse.

Opanga perefyumu nawo ali ndi mfundo zawo. Mafuta ofiira amadetsa mtundu wa perefyumu, ndipo fungo lake limasiyana chaka ndi chaka, pomwe wogula amafuna botolo la lero lifanane ndi la chaka chatha. Thymol ndi carvacrol zikachuluka zimawotcha khungu, n'chifukwa chake thyme amathiridwa pang'ono kwambiri, pambali pa lavender, rosemary kapena bergamot. Akapitirira muyeso, perefyumu amanunkha ngati mankhwala otsukira m'kamwa, omwenso ena mwa iwo amakhala ndi thymol yemweyo.

Chomeracho chimasokonezanso mkanganowu. Kum'mwera kwa France, thyme wa mtundu wa Thymus vulgaris ali ndi mitundu 6 ya fungo ngakhale masamba ake amafanana. Womera m'malo otsika ndi otentha amakhala waukali ndi thymol kapena carvacrol, pomwe wa kumalo ozizira amatha kukhala ndi linalool kapena geraniol, wofatsa ngati duwa. Ku Spain, wotchezedwa kwambiri ndi mtundu wina, Thymus zygis. Choncho palibe anganene kuti fungo lenileni la thyme ndi limodzi. Chimene sichingakhululukidwe ndi kugulitsa chosakaniza pa dzina la mafuta achilengedwe, chifukwa mtengo ukagwa, woyamba kuvutika ndi womweta m'phiri uja.

Alimi a njuchi nawonso amadalira mapiri omwewa, poti uchi wa maluwa a thyme umagulidwa bwino ku Spain ndi ku Greece. Nthawi yomwe njuchi zimafuna maluwawo ndi yomweyo imene omweta amawafuna, ndipo m'malo omwe zenga yadutsa msanga, eni ming'oma amaisamutsira kumtunda komwe thyme amachedwa kuchita maluwa.